Ukonde wa a Mbewe

Mdzukulu wanga akundiwerengera za ulamuliro wankhanza wa ku Jeremani, mmene ena ankalemerera anzawo akutengedwa. Ndamuuza atseke kaye bukulo.

Ndili mwana ku Nkhudzi, anyamata a malaya ofiira anafika kwa a Mbewe, aneba athu amene anakana kugula khadi la chipani. Anawakweza pa lole ndi ana omwe. Ine ndinasirira, ndinalira kuti nane ndikwere.

"Lowa m'nyumba, usawayang'ane!" anatero amayi, akundifinya mkono.

Mawa lake abambo anabwera ndi ukonde wa a Mbewe, ukununkha utsi. Tinadya chambo mlungu wonse, ine ndikuyesa anatisiyira mphatso. A Mbewe sanabwerenso, ndipo abambo mpaka kumwalira sanatchulenso dzina lawo.