Kasupuni Kali ndi Dzina, Mayi Anga Alibe

A Tokie Marutani ndawadziwa zaka makumi anayi, pakuti benchi yawo ya nsomba inkayang'anizana ndi yanga ya ndiwo zamchere mumsika wa kudoko. Mayi wamfupi, koma mawu ngati wailesi. Anakwatiwa kawiri, amuna onse awiri n'kuwaika m'manda, ndipo sindinawaonepo akupepesa munthu. Woyerekeza kunena kuti nsomba yawo ndi yadzulo ankabwerera kwawo makutu akulira.

Ali ndi zaka 81, ndine ndinawakokera ku nyumba yosungira zakale imene inali itangotsegulidwa m'tauni mwathu, ya mwambo wa tiyi, ndakatulo ndi mbiri.

"Ndikaonenji, Fusae? Zakalezo si ine ndemwe?" anatero. Komabe anavala mkanjo wawo wotuwa wa kimono, tinapita.

Chipinda cha ndakatulo anangodutsa osacheuka. M'chipinda cha mbiri ndi momwe anaima chilili kutsogolo kwa chithunzi china: mkazi wopanda nsapato, ndowa ziwiri zikulendewera pamtengo paphewa. Pansi pake panalembedwa kuti, "Wotunga madzi a tiyi wa mabwana. Dzina silidziwika."

"Fusae," anandinong'oneza, munthu amene sadziwa kunong'ona, "awa ndi mayi anga."

Nyumba yawo inapsa ndi mabomba a nkhondo iwo ali ndi zaka khumi, ndipo mayi awo anafera momwemo. Sipanatsale chithunzi n'chimodzi chomwe. Ine mtima unandiwawa zedi.

Tinapita kwa mkulu wa nyumbayo, a Hosoda, bambo waulemu wowerama mpaka tayi kukhudza mawondo.

"Pepani kwambiri, mayi," iwo anatero, "popanda pepala lotsimikiza sitingalembe dzina lawo pachithunzipo. Mwina ndi wina wofanana nawo."

"Wofanana nawo? Inu mungasokoneze mayi anu ndi mayi a eni?"

"Ndi malamulo, mayi."

Pofuna kuwaziziritsa mtima ndinawalowetsa m'kachipinda ka tiyi, mawondo athu akudandaula pa kachitseko kake kolowa chokwawa. Titamwa, a Tokie, monga mlendo woyamba, anafunsa za ziwiya mwa mwambo.

"Kasupuni kansungwi aka dzina lake ndani?"

"Ndi Mame a Mmawa," anayankha mayi wotiphikira tiyi, n'kutchulanso amene anakasema ndi chaka chake.

"Ha! Wamva, Fusae? Kansungwi kali ndi dzina, ndi bambo wake yemwe! Munthu amene anapindika msana kutunga madzi a tiyi alibe dzina!"

Wophika tiyi anangozyolika. Ine ndinafuna kulowa pansi pa mphasa, koma bodza panalibe.

Miyezi inayi a Tokie ankapita kumeneko Lachiwiri lililonse. Makalata analemba, mboni anasaka, koma onse odziwa mayi awo anali atatsamira mkono. Pomaliza a Hosoda anati komiti idzaiona nkhaniyo chaka chamawa.

"Chaka chamawa? Nenani poyera kuti mukudikira maliro anga!"

Lachiwiri lotsatira anandiuza kuti ndiwaperekeze. Titafika pachithunzi paja anapisa m'mkono mwa kimono, n'kutulutsa peni yakuda yolembera pamabokosi a nsomba, ija yosafufutika ndi madzi. Mawu oti "silidziwika" anawakhwatcha, n'kulemba pamwamba pake: Shige Okabe.

Mlonda anathamanga, a Hosoda anabwera nkhope itagwa.

"Itanani apolisi," anatero a Tokie. "Mwina iwo amadziwa kulemba."

Anabweradi, bambo wonenepa wa panjinga, amene kale ankagula nsomba pabenchi pawo.

"Mayi Marutani, mwataninso?" anafunsa akutulutsa pepala.

"Lembani momwe ndinenere. Ine Tokie, ndalemba dzina la mayi anga, Shige Okabe, pansi pa chithunzi chawo."

Wapolisi analemba, anawawerengera, onse awiri n'kudinda zidindo za mayina awo m'malo mosaina. A Tokie anatembenukira kwa a Hosoda.

"Munkafuna pepala. Ndi ilo, la boma, chidindo chili pompo. Chikwangwani chanucho ndikonzetsa, koma mukafufuta dzinalo ndibweranso. Peni ndili nazo bokosi lonse."

A Hosoda anayang'ana chithunzi, anayang'ana a Tokie, anayang'ananso chithunzi. Chibwano chinali chimodzimodzi, ngakhale mwana akanaona. Anawerama, ndipo mpaka lero dzinalo palibe walikhudza.

Tili pabasi pobwerera ndinawaseka. "Koma inu, zilembo zake zimenezo? Zikuluzikulu, zophweka ngati za mwana woyamba sukulu!"

Anayang'ana pawindo, misozi ili chuchuchu, osaipukuta.

"Mayi sanapite patali ndi sukulu, Fusae," anatero. "Ndimafuna adziwerengere okha."