Odi wa Agogo pa Intaneti

Ndikawakumbukira agogo anga aamuna, a Daka, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la mtedza wongozula kumene ndi utsi wa mapesi amene ankatentha kumapeto kwa munda wathu ku Nyampande, iwo ali chiweramire ndi khasu, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi imene sankaimaliza. Sanali munthu wolongolola, koma pa moni pokha ankachedwa mpaka kukutopetsa. Ngakhale wogula thonje, wothamanga chotani, ankayamba wafunsidwa za ana ndi za mvula.

Ndinapita kukakhala nawo amayi atamwalira, ndisanamalize pulayimale. Amayi anali mphunzitsi ku Nyimba, ndipo pa katundu wawo panali laputopu. Agogo anaikulunga m'chitenje n'kumaisunga m'ndowa yotseka kuopa makoswe. Lamlungu tikaweruka kutchalitchi tinkaitchaja pa batire la sola n'kuonera kavidiyo kamodzi komweko: amayi akutsuka mbale, akuseka, akundikalipira kuti ndisiye kuwajambula. Mawu awo anatsala mmenemo basi.

Lamlungu lina laputopu inakana. Inangoonetsa buluu ndi mawu achingerezi, n'kuzima. Tinapita nayo kwa mnyamata wokonza mafoni ku Petauke.

"Iyi ifunika kufomata, bambo," anatero. "Izasebenza bwino, koma vonse vili mukati vizachoka."

Agogo anaitenga n'kuikulunganso. "Mwana wanga ninamuika kale," anatero. "Kawili iyayi."

Mphunzitsi wanga wa sayansi, mayi Lungu, ndiwo anandiuza kuti pa intaneti pali mabwalo pamene munthu amalemba vuto la kompyuta yake, anthu osamudziwa n'komwe n'kumamuyankha. Loweruka anandibwereka foni yawo. Kwathu netiweki inkagwira pa chulu china chakumunda, ndipo agogo anakwera pamenepo atavala jekete lawo lopitira ku maukwati.

Ine ndinkafuna kungokopera mawu achingerezi aja n'kutumiza. Agogo anakana.

"Yamba na odi. Uwafunse ngati auka bwino, na ana, na mvula kwao. Ukambe kuti ni a Daka a ku Petauke."

"Agogo, kumeneko sapatsana moni."

"Oyankha ni anthu kapena ni makina?"

"Ni anthu."

"Basi, lemba. Ukambenso za amai ako. Munthu angakuthandize bwanji osadziwa camene ulila?"

Ndinalemba m'Chingerezi changa chothyokathyoka, manyazi atandigwira, ndikuona ngati dziko lonse likutiyang'ana pachulupo.

M'mawa mwake tinapeza mayankho. Woyamba anatiseka kuti pamenepo si pa wailesi popatsirana moni. Wachiwiri anangoti tifomate. Ine mtima unandipsa, koma agogo anati ndiwerengebe. Wachitatu anayamba n'kubweza moni. Anati kwawo kunkazizira, ana ali bwino, ndipo pepani ndi maliro. Kenako analemba kuti tisayerekeze kufomata. Anafotokoza pang'onopang'ono, ngati akulozera njira mlendo, kuti tiike dongosolo lina laling'ono loyendetsera kompyuta pa fulashi, kachipangizo kosungira zinthu kolowetsa m'kompyuta, tiyatsire laputopu pamenepo osakhudza za mkati, ndipo tikopere zonse kwina. Anavomera kuti akanangoona mawu a pa buluu okha, nayenso akanati tifomate, chifukwa ndiyo njira yachidule. Chimene chinamuimitsa ndi nkhani ya amayi.

Mayi Lungu ndiwo anakonza fulashiyo. Tinayesera kusukulu ana ataweruka, m'kalasi monunkha choko ndi fumbi, agogo atakhala pa kadesiki mawondo ali m'mwamba. Laputopu inaganiza nthawi yaitali, mpaka ndinataya mtima. Kenako mafayilo anaonekera, mayi Lungu anadina, ndipo amayi anaseka. Ine ndinalira poyera. Agogo anavula chipewa, anatuluka panja, n'kukaima moyang'ana khoma mpaka titatseka kalasi.

Kutacha anandidzutsa mame asanakamuke, foni ya mayi Lungu, imene anatibwerekanso, ili m'thumba la jekete.

"Tiye ku chulu. Munthu anatithandiza mailo, lelo tikamuyamike."

Ankafuna kumutumizira nkhuku. Nditawauza kuti sizingatheke, ndipo kuti ngakhale dzina lake lenileni sitikulidziwa, zinawavuta kwambiri. Kenako anati ndimulembere kuti ku Nyampande ali ndi kwawo, akadzadutsa asadzagone ndi njala. Anandiuzanso kuti ndifotokoze bwinobwino zimene tinachita mpaka zitatheka, kuti wina wodzabwera ndi vuto lomwelo asadzabwerere chimanjamanja.

Mlendoyo sanabwere, ndipo agogo anatisiya akumufunsabe. Lero ndimagwira ntchito mu ofesi ku Nyimba, ndipo pulogalamu ikandivuta ndimakafunsa m'mabwalo omwe aja. Anzanga amandiseka kuti ndimalemba ngati ndikukafunsira mbeta, koma odi sindimusiya, ndipo ndikathandizidwa ndimabwererako kukanena kuti zatheka. Kavidiyo kaja ndinakasunga m'malo angapo. Mwana wanga wamkazi sanawaonepo amayi anga, koma ukamufunsa za agogo ake, amapinda manja m'chiuno n'kunena ndi mawu awo enieni kuti, "Iwe, leka kunijambula!"