Wolamulira Madzi ndi Dimba la Mng'ono Wanga

Mwana wanga wamkazi atamaliza koleji anabwera kumudzi ndi sutikesi, satifiketi ndi masewera achilendo. Ntchito sanaipeze chaka chimenecho, ndiye masewerawo anakokeramo ife akuluakulu. Lamlungu tikachokera ku Misa tinkakhala pakhonde, dzuwa la Julayi likutiwomba kumsana. Iye ankasimba nkhani, ndipo aliyense wa ife anali ndi munthu wake m'nkhanimo. Ukafuna kuti munthu wako achite chinthu chovuta, unkaponya dayisi, kachidutswa ka timadontho m'mbali mwake, ndipo dayisiyo ndi imene inkanena ngati zatheka. Madayisiwo anasema ndi amuna anga, ndi tizidutswa ta paini timene ankatola kumacheka ku Phiri la Dedza.

Osewera tinalipo atatu. Amuna anga anali woyendetsa chombo cha m'mlengalenga, munthu woti ngakhale njinga amakwera mwamantha. Ine ndinasankha usilikali, ndipo palibe anadabwa. Wachitatu anali mng'ono wanga, amene anali dokotala wa m'chombomo. Ameneyu ankabwera chifukwa choti mwanayu anakamuchonderera, poti ine ndi iye sitinkalankhulana.

Chifukwa chake ndichinene, ngakhale chimandichititsa manyazi. Ndinali wapampando wa gulu la madimba a mbatata ya kachewere kumtsinje kwathu. Ndisanakhale pampando, madzi anali nkhondo: akumtunda ankatseka ngalande, akumunsi n'kumakolola timbatata ting'onoting'ono ngati mayere. Ine ndinaika lamulo. Banja lililonse likhale ndi tsiku lake lothirira, ndipo amene wajomba tsiku lokonza ngalande yaikulu, mphanda yopita kudimba kwake itsekedwe mwezi wathunthu. Zinayenda. Matumba amene tinkapita nawo kumsika wa pa Chimbiya anachuluka, mikangano inatha, ndipo ndinkayenda mutu uli m'mwamba.

Kenako apongozi a mng'ono wanga anamwalira ku Kabwazi, iye n'kukakhala kumaliro masiku anayi. Tsiku lokonza ngalande linamudutsa. Ndinatenga khasu ndekha n'kukatseka mphanda yake ndi zibuma. Anthu ankandiyang'ana, ndipo ndinkafuna aone kuti lamulo langa lilibe m'bale. Mbatata yake inali itangoyamba maluwa.

Tsono m'masewera muja tinafika pa dziko lina kuseri kwa nyenyezi, kumene mvula siigwa. Kunali wolamulira amene anasungunula madzi oundana a pamwezi n'kuwatsitsira m'mizinda yonse. Njala inatha, ana anasiya kufa, mipanda ya anthu olemera anaigwetsa. Koma aliyense wophonya ola lake lotunga, kapena wodandaula, ankamutsekera m'ndende ya pansi pa nthaka. Lamlungu lachitatu tinalowa m'chipinda chake, alonda titawazemba.

"Ali yekha, wakufulatirani," anatero mwana wanga. "Makina a madzi amamvera dzanja lake lokha. Mukamupha, akaidi atuluka, koma mwina mizinda iuma. Mukamusiya, madzi ayenda ndipo ndende idzadzabe. Mutani?"

Amuna anga anati iwo akadikira kuchombo, injini ili chilizire. Nzeru zawo n'zimenezo, zaka zonsezi.

Ine ndinapsa mtima ngati munthuyo ndi m'bale wanga. Ndinati asiyidwe. Ndinati anthu amakonda madzi koma amadana ndi wowatungira, ndipo akaidiwo akadasunga nthawi sakadakhala m'ndende. Ndinalankhula mpaka nkhuku zinathawa pakhonde.

Mng'ono wanga anali akutembenuza dayisi m'manja. Sanandiyang'ane. Analankhula kwa mwana wanga.

"Dokotala wanga sakufuna kupha munthu. Akungofuna kumufunsa wolamulirayo funso limodzi. Mwa onse amene anawatsekera, alipo amene anamufunsa kumene anali?"

Amuna anga anayamba kufufuza chinachake m'thumba la jekete, chimene sanachipeze. Ndinkadziwa bwino kumene mng'ono wanga anali, poti maliro aja ndinapitako tsiku loika. Koma sindinamufunse kanthu, ngakhale kumuuza kuti ndikukatseka.

"Amayi, msilikali wanu atani?" anafunsa mwanayo.

Ndinati msilikali wanga aika mfuti pansi, apita kutsogolo kwa wolamulirayo n'kumuuza kuti atsegule ndende, madzi awasiye akuyenda. Mwanayo anati zimenezo n'zovuta, ndiponye dayisi. Ndinaiuzira mpweya ngati mmene amachitira ana, n'kuponya. Inagubuduka pamphasa n'kuima pa kadontho kamodzi.

"Wakumverani mpaka kumapeto," anatero mwana wanga, nkhope ili gwa. "Kenako waitana alonda. Msilikali wanu ali m'ndende."

Mng'ono wanga anaseka. Anayesa kubisa ndi chitenje koma zinakanika, mapewa ankagwedera. Panali patapita milungu itatu ndisanamve kuseka kwake, ndipo ndinasangalala ngakhale woseketsayo ndinali ine. Atapukuta misozi anati dokotala wake apempha kukagwira ntchito kundendeko, poti msilikali wokalamba ngati ameneyo sangapirire kuzizira.

Lolemba linali tsiku langa lothirira. Ndinalawirira kudimba, mame akuluma zala, ndipo ndinadutsa mphanda yanga osaitsegula. Ndinakafika pa yake n'kuyamba kuchotsa zibuma. Mizere yakumtunda inali itafota kale, masamba atapiringizika. Yakumunsi, kufupi ndi mtsinje, inali ndi moyo. Ndikanachedwa sabata ina sindikadapeza kanthu, ndipo zimenezi zimandiwawabe.

Lamulo lija sitinalichotse. Lilipo mpaka lero, ndipo madzi amafika kwa aliyense. Kungoti pamsonkhano wotsatira ndinapempha kuti wojomba azifunsidwa kaye, ndiponso kuti otseka mphanda azikhala atatu, osati wapampando yekha ndi khasu lake. Mwana wanga ndinamufunsapo ngati dziko lopanda mvula lija analikonzera ine. Amakana mpaka pano. Amati olamulira oterewa ndi odzadza m'masewera amenewa. Masewerawo timasewerabe akabwera patchuthi, ndipo msilikali wanga anatuluka m'ndende patapita Malamlungu awiri, atabisidwa m'bokosi la mankhwala.

M'mawa uja mng'ono wanga anandipeza madzi atayamba kulowa m'mizere yake. Anaima chapatali, ndowa ili m'manja, poti masiku onsewo ankathirira ndi ndowa kuchokera kumtsinje.

"Akulu, mwezi sunathe," anatero. "Ndiponso lero si tsiku langa."

"Ndi langa," ndinamuyankha.

Anayang'ana kudimba kwanga kumene kunali kouma, n'kuyang'ana madzi akutsika. Kenako anatula ndowa ija pansi n'kundilanda khasu, akuti ndikukumba mokhotakhota.