Mkanda Wosowa pa Korona wa Azakhali

Korona wa azakhali anga ankanunkha usipa. Iwo ankagulitsa nsomba zouma mumsika wa Zingwangwa, ndipo koronayo ankaswera m'thumba la epuloni pamodzi ndi machesi. Anabwera naye kuchokera ku Nsanje. Mikanda yake inali yakuda, yosalala chifukwa chogwiridwagwiridwa, koma chigawo chachitatu chinali ndi mikanda isanu ndi inayi m'malo mwa khumi. Umodzi unagwera m'ngalande kalekale, azakhali n'kungomanga mfundo pamalopo.

Okutobala ndi mwezi wa korona, ndiponso ndi mwezi umene Blantyre amapsa. Malata ankathetheka masana, mipopi inkangotulutsa mpweya, fumbi la mumsewu wa ku Chitawira linkalowa mpaka m'mano. Ikakwana faifi koloko, mabanja a mumphakati mwathu ankasonkhana kudzapemphera, lero khomo ili, mawa linalo. Ine ndinali Sitandade 5. Azakhali, amene ankandilera, analonjeza kuti tsiku lomaliza la mwezi, mphakati ukadzafika kwathu, wotsogolera ndidzakhala ine, koma pokhapokha atakhutira nane. Apo ayi, mwayiwo unali wa Ajinesi, mwana wa aneba, yemwe ankandiposa kale pa fulaye ndi masamu omwe.

Azakhali anandiyesa pakati pa mwezi, pakhomo pa a Fombe, atandipatsira korona wawoyo. Mawu ndinkawadziwa ngati dzina langa, ndipo vuto linagona pomwepo. Pakamwa pankati “Tikuoneni Maria”, zala zinkayenda zokha, koma mtima unali kuseri kwa mpanda kumene anzanga ankaponyerana mpira. Pa chigawo chachitatu mikanda itatha, ndinathamangira ku “Ulemu kwa Atate”. Ndinaiwala kuti latsala pemphero limodzi. Kenako azakhali ananena okha pemphero lachikhumi, pang'onopang'ono, onse n'kuvomera. Ajinesi anabisa kuseka m'manja.

Panjira azakhali sanandikalipire. Anangoti, “Iwe, zalatu zapemphera bwino. Nanga mwini wake anali kuti?”

Masabata awiri otsatirawo ndinkayeserera pamzere wa madzi, ndowa ili pakati pa miyendo. Ndinadabwa kuona kuti maganizo sankatha ngakhale pemphero limodzi ali phee. Ankathawira kwa mayi wa zigumu, ku mayeso, ku nsapato za Ajinesi. Nditadandaula, azakhali anati mbuzi ikazemba pamsipu sumayiphera pomwepo, umangoibweza, ikazembanso umayibwezanso, ndipo ubusa ndi womwewo. Choncho ndinkabweza, pemphero ndi pemphero, mpaka ndinayamba kumva mawu amene ndinkanena.

Tsiku lomaliza mitambo inadetsa phiri la Soche, mphepo ikununkha mvula. Anthu anadzaza pakhonde pathu. Azakhali anangoika korona m'dzanja langa. Pa chigawo chachitatu chala chinadutsa mkanda wachisanu ndi chinayi n'kugunda mfundo ija. Ulendo uno mwini wake ndinalipo. Ndinanena lachikhumi popanda mkanda, ndipo pa oyankha onse, mawu a azakhali ndi amene anamveka kwambiri.

Azakhali anamwalira, fungo la usipa linatha, koma korona ndili naye. Masiku ano ngakhale foni imatha kukuwerengera mapemphero, osaphonya. Chaka chatha mwana wanga wamkazi anapeza mkanda wakuda wofanana ndi enawo, n'kufuna kuutunga pamfundopo kuti andisangalatse. Ndinamulanda singano, ndinamupatsa koronayo momwe alili, n'kumuuza kuti ayambe.