Mota ya Ababa Inakana Amama

Ndikukumbukira chaka chimene mota inalowa pakhomo pathu ku Namacula, m'tauni ya Lichinga, ine ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Tinali titangobwera kumene kuchokera ku Malawi komwe tinathawira nkhondo. Tinabwera ndi mapoto, mabulangete a ku kampu, ndi makina osokera a ababa. Makinawo ndiwo anabala mota. Ababa anasoka, anasoka, anasoka mayunifolomu a ana asukulu mpaka msana kupindika, ndiye tsiku lina tinangomva phu-phu-phu kumsewu, fumbi lofiira lili koboo, ababa ali pamwamba pa njinga yamoto, imene ife kuno timati mota. Inali yakale, yogula kwa munthu wina amene ankasamukira ku Nampula, koma kwa ife inali ngati mkwatibwi. Ine ndinavina. Mpaka lero ndine wovina, ndikaona chabwino miyendo yanga siyembekeza ng'oma. Amama anaimba nthungululu mpaka nkhuku kubalalika.

Tsiku lomwelo ababa anaika lamulo. Anati mota si bulu, sidzanyamula thumba la nyemba, sidzanyamula mbatata, sidzanyamula mnzawo wa kumzikiti ngakhale atapempha chogwada. Anasisita mpando wakumbuyo n'kunena kuti umenewu ndi wa amake Zainabu basi. Zainabu ndine. Azakhali anga, alongo awo a ababa, amene ankakhala nafe chimwalirire amuna awo, anali chiimire pakhomo la khitchini. Anamva mawuwo, anangomanga chitenje mwamphamvu.

Amama anali munthu wamtali, wathupi, wojintcha. Ku kampu anthu ankadabwa kuti njala inawalambalala bwanji. Akamaseka, thupi lonse linkaseka nawo, mapewa kuseka, mimba kuseka. Atakwera koyamba mota inachita kukhala pansi pang'ono, ababa n'kunena kuti ayi ndithu, tsopano yadziwa mwini wake. Anapita ku Lulimile kukaona wodwala. Pobwera anabwera akuikankha, tayala lakumbuyo litaphwa, onse awiri akuseka.

Ababa anali telala, sanali makaniko. Kuchotsa gudumu lonse lakumbuyo ankaopa, ati tcheni chija akachimasula sadzatha kuchibwezera. Ndiye kachitidwe kawo kanali kotere. Ankayala mphasa pansi pa mtengo wa paini, n'kuigoneka mota cham'mbali ngati mbuzi yofuna kusendedwa. Anali ndi zitsulo ziwiri zophwatalala zimene wosula wina anawasulira. Ankakanula nazo mlomo umodzi wokha wa tayala, n'kusolola chubu pang'onopang'ono ngati matumbo, gudumu lili pomwepo. Akatero ankaitana kuti Zainabu, beseni. Ine ndinkabwera ndi beseni la madzi, madzi a ku Lichinga ozizira oluma zala, n'kumapopa ndi pampu, iwo akumiza chubu chigawo ndi chigawo mpaka timathovu titayamba kukwera, tii-tii-tii. Pamenepo ankakhula ndi mwala, kupaka guluu wonunkha mpaka m'mutu, kudikira kuti aume pang'ono, n'kumata chigamba chimene anachidula mozungulira bwino ndi lumo la nsalu. Zigamba za ababa zinali zokongola, ine sindinaonenso zigamba zokongola chotero.

Tayalalo ankaliyang'ana kunja kokha. Ankalizunguliza, kuliyang'anitsitsa, osaona minga, osaona msomali. Dzanja m'kati sankapisamo. Mpata unali wochepa, milomo ya tayala ili ndi waya, ndipo iwo ankati zala za telala ndiwo munda wake, sangazipereke kwa mphira.

Ababa akayenda okha, mota inkayenda sabata, mwezi, osadandaula. Amama akangokwera, asanafike patali, fwiii. Kubwerera, mphasa, zitsulo, Zainabu beseni. Ndipo timathovu tinkatulukira pamalo amodzimodzi, m'mphepete mwa chigamba chakale, mwina pamwamba pa chigamba penipeni. Chigamba pa chigamba, chigamba pa chigamba. Poyamba tinkaseka. Amama ankati motayi ndi mkazi mnzanga, ili ndi nsanje. Kenako ababa anasiya kuseka.

Azakhali ndiwo anayamba. Ankabwera kudzaima pamene tikumata, manja kumbuyo, n'kumayankhula ngati akuyankhula ndi beseni. Ankati minga ya m'njira siisankha malo, imabaya apa lero, mawa apo. Chobaya pamodzimodzi chili ndi maso. Ankati ku kampu kunali anthu amitundumitundu, ndani adziwa chimene mlamu anadya kumeneko kuti asaonde pamene anzake ankatha ngati nkhuni. Tsiku lina anati, achimwene, tayesani ine. Ababa anaphwanya lamulo lawo. Azakhali anali owonda ngati bango, chitenje chinkawazungulira kawiri. Anakwera, anapita kumsika, anazungulira mpaka ku Lulimile, anabwera tayala lili gwa. Anatsika, anangowayang'ana amama kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

Chimene chinathyola zonse ndi sadaka ya agogo, amayi awo a ababa, imene inachitikira kumudzi kwawo, njira ya ku Lione. Sadaka ndi chakudya chokumbukira womwalira, ndipo mwana wamwamuna woyamba safika mochedwa. Amama anati ine ndikwera lole pamodzi ndi ana. Ababa anakana, ati anthu aziti chiyani, mota ndili nayo mkazi n'kukwera ndi matumba. Ndikuganiza kuti mumtima ankafunabe kuti azakhali aname. Anamata chigamba chatsopano dzulo lake, anapopa bwino, ananyamuka mamawa nkhungu isanachoke. Tayala linaphwa pakati pa tchire, kopanda nyumba, kopanda madzi. Anafika akukankha dzuwa litapendeka, mashehe atapemphera kale, mpunga utatha, abale atayamba kumwazikana. Ine ndinali nditafika kale pa lole ndi azakhali, ndipo ndinamva ndi makutu anga akuuza azimayi kuti ngakhale malemu akumukana mkazi ameneyu.

Sabata yomweyo ababa ananena mawu a talaka, mawu othetsa ukwati, pamaso pa akuluakulu awiri. Amalume anga anatsalira ku Malawi, panalibe wotiyankhulira. Amama anafunsa chimodzi chokha.

"Abambo ake Zainabu, ndakulakwirani chiyani?"

"Simunandilakwire. Koma pali chimene chikutsatani, ndipo ine chandilemera."

Anamanga katundu wawo m'chitenje, anabereka mlongo wanga wamng'ono, anapita kumudzi kwawo ku Lione. Ine anandisiya, azakhali ati pakhomo pafunika wotunga madzi. Sukulu yanga inathera pomwepo, n'chifukwa chake zolemba zangazi zimayenda chotsimphina. Amama anadutsa pafupi ndi mota, inali itaima pakhonde yopukutidwa bwino, anaipatsa mpata ngati akudutsa pafupi ndi apongozi.

Ababa anakwatira mtsikana wa ku Lulimile, Abiti Jafali, wamng'ono thupi, waulemu, amene sanandilakwirepo. Ankakwera mota miyendo mbali imodzi, mota n'kumayenda ngati yanyamula nthenga. Azakhali ankati mwaona, achimwene, nyumba yapepuka. Mvula inagwa, mvula inatha. Abiti Jafali anaima, mimba inakula, thupi linabwera, masaya kudzaza. Tsiku lina akupita kusikelo, asanafike n'komwe pamsewu waukulu, fwiii.

Zainabu, beseni. Timathovu tinatulukira pomwe paja. Ndinawayang'ana azakhali, azakhali anayang'ana kumwamba kwa mtengo.

Chubu chinalibenso malo a chigamba. Ababa anagula tayala latsopano ndi chubu chatsopano, n'kuitana mnansi wathu wina woyendetsa thalakitala kuti awagwirire tcheni. Kanali koyamba gudumu lija kuchoka pa mota chibwerere kwathu. Tayala lakale anandiponyera ine, ati ulitsuke m'kati, tilidule pakati likhale momwera nkhuku. Ndinaligoneka pansi, ndinalikanikiza ndi bondo kuti litseguke, ndinapisa dzanja ndi kansanza. China chake chinandicheka chala ichi chamkombaphala, chipsera chilipo mpaka lero. Nditachotsa bondo n'kusisita, panali posalala, palibe kanthu. Nditakanikizanso, kanatuluka. Kamsomali kopanda mutu. Mutu unadyeka kalekale ndi msewu, mwina motayo isanabwere n'komwe kwathu, thupi lake linabisala m'kati mwa mphira. Katundu akapepuka kankagona. Katundu akalemera kankasuzumira, n'kujompha chubu, n'kubwerera.

Ndinakazula ndi mano a lumo. Kanali kakafupi kuposa njere ziwiri za mpunga. Ndinapita nako kwa ababa, magazi akudontha, ndinawasonyeza ndi bondo pa tayala lija momwe kankatulukira. Anayang'ana nthawi yaitali. Ine mtima unali utayamba kale kuvina, ndimati tsopano aliza mota, tsopano tikukawatenga amama, tayala latsopano lilipo.

"Kataye kuchimbudzi," anatero. "Ndipo usauze munthu."

Sanali munthu woipa, ababa anga. Anandigulira nsapato mwezi womwewo, ine osapempha. Koma kuti akaime pamaso pa akuluakulu aja n'kunena kuti ndinathamangitsa mkazi chifukwa choopa kuvulaza zala, zimenezo zinawakulira kuposa tchimo lenilenilo. Anasankha kuti amama akhalebe mfiti.

Sindinataye. Ndinakamanga pa ngodya ya chitenje, ndipo nthawi yokolola nyemba nditaloledwa kukacheza ku Lione, ndinawapeza amama akupuntha nyemba pabwalo. Anali ataonda. Thupi limene linakana njala ya ku kampu linagonja ndi mawu a anthu, chifukwa mbiri inawatsatira mpaka kumudzi, azimayi ena sankafuna kuti awagwirire ana. Ndinamasula ngodya, ndinawafotokozera zonse. Anakaika pachikhatho, anakatembenuza ndi chala, ndiye anaseka. Anaseka pakamwa pokha, mapewa sanaseke nawo.

"Ndiye mfiti ija ndi imeneyi? Kuchepa konseku?"

Ndinati tiyeni tikaonetse anthu. Anati mwanangu, amene anakhulupirira popanda kuona sangasinthe chifukwa chaona. Anakaponya m'mankhusu a nyemba n'kupitiriza kupuntha. Sanakwatiwenso, ndipo mota sanakwerenso mpaka tsiku limene tinawanyamula pamapewa.

Lero Lichinga yadzaza mamota, phu-phu-phu paliponse. Mwana wanga wamwamuna amanyamula anthu pa yake, ndipo tayala likaphwa amakonzera pakhomo panga pano, adzukulu anga akulimbirana pampu, ine ndikuwaimbira. Ndimaimba, ndimavina, Mulungu anandipatsa mtima wosagona pansi. Koma akangoti atseke tayala, nyimbo imaima. Ndimadzuka, ndimapinda mkono wa bulauzi, ndimakanikiza ndi bondo, ndimayendetsa zala zanga m'kati monse kuzungulira mpaka kubwerera pomwe ndayambira. Amandiseka, amati amama inu tayalali ndaliona kale. Ndimati waliona, koma sunalikhudze.

Mwezi wathawu mwana wanga uja anabwera nkhope ili gwaa, ati chikwatire mkazi wakeyu zinthu sizikumuyendera, makasitomala akuthawa, mota ikungowonongeka, ndipo pali anthu amene amuuza kuti aganize bwino. Mpongozi wanga anali kuseri kwa nyumba akuchapa, wamva zonse, manja ataima m'beseni. Ndinamugwira dzanja mwana wangayo, ndinaika chala chake pa chipsera changa, ndinamukhazika pamphasa. Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti pakabooka, anthu amathamangira kumata chofewa, amachimenya, amachitaya, chifukwa chofewa sichiluma zala. Chobaya chimakhala m'cholimba, ndipo kuchipeza kumafuna magazi ako omwe. Ababa anasunga zala zawo, zinapita kumanda zosalala. Amama ndiwo anabayidwa m'malo mwake.