Dzina la Asisi pa Pepala la Nyutirino

Asisi anga, oyamba kubadwa m'banja mwathu, anathera zaka zawo zabwino kudikirira tinthu tosaoneka. Anaphunzira fizikisi mpaka kunja, kenako analowa m'gulu la akatswiri mazanamazana amene anakwirira chithanki chachikulu pansi pa phiri kuti azigwira tinthu totchedwa nyutirino. Ankandiuza kuti timeneti timadutsa m'thupi la munthu, m'thanthwe, m'dziko lonseli osakhudza kanthu, koma mwa apo ndi apo kamodzi kamagunda m'thankimo n'kuthwanima. Ine, wogulitsa matayala ku Eriya 2, ndinkawaseka kuti akuwedza m'chitsime.

Gulu lawolo linali ndi lamulo lake. Pepala la zotsatira likamatuluka, mayina a onse amalembedwa pamwamba, koma kuti lako likhalepo uyenera kukwanitsa mashifiti ako chaka chilichonse: kukhala pa kompyuta, kuyang'anira makina a thankilo, osachokapo. Wolephera amam'fufuta, ngakhale atakhala kuti mawaya a m'thankimo anamanga ndi iye. Asisi anamangadi mawayawo, ndipo pepala lalikulu linali lisanatuluke.

Ndiye amayi anadwala sitiroko. Mbali yonse yakumanja inafa. Kwathu mwana wamwamuna sasambitsa mayi ake, ndipo ife tinabadwa awiri okha. Mkazi wanga anayesera, amayi anakana kwamtuwagalu. Wantchito amene tinam'peza, amayi anangom'fulatira n'kutembenukira kukhoma. Amalume anaimbira asisi foni kunja kuja. "Mwana wamkazi ndiwe wekha," anatero. "Ntchito siitha, koma mayi ndi mmodzi." Asisi anabwera ndi chikwama chimodzi ndi laputopu.

Anapempha kuti mashifiti azichitira kunyumba ya amayi ku Eriya 14, ndipo anawalola. Shifiti inkagwa masana, nthawi imene magetsi amakonda kuthima. Ndinagula jenereta, mafuta n'kusowa, ine n'kumaswera pamzere ndi chigubu. Koma vuto lenileni silinali magetsi. Linali mawu a amayi kuchokera kuchipinda. Munthu amene wadziipitsira pabedi sungamuuze kuti adikire shifiti ithe.

Tsiku lina ndinafika masana n'kupeza laputopu ikulira pathebulo, chenjezo lofiira likuthwanima. Asisi anali kubafa ndi amayi. Ndinaima kuseri kwa chitseko, manja lende, bambo wamkulu wosowa chochita.

"Asisi, makina akulira kuno. Ndidine pati?"

"Usakhudze iwe," anayankha madzi akukhavuka. "Asiye alire."

Chaka chimenecho sanakwanitse, chotsatiracho chimodzimodzi. A gulu lija anawauza mwaulemu kwambiri kuti dzina lawo lafufutidwa, monga amachitira anthu ophunzira akamakutaya. Mpaka lero mtima umandiwawa, ndipo sindidziwa woti ndim'psere mtima: akatswiriwo, amalume, kapena mwambo umene unandimanga manja mlongo wanga akumira.

Amayi sitinawauze. Iwo ankadziwa chimodzi chokha, kuti kukubwera pepala lokhala ndi dzina la mwana wawo, ndipo azimayi akutchalitchi obwera kudzawazonda anali atamva nkhaniyo mpaka kutopa nayo. Pepalalo litatuluka ndinalakwitsa kulitchula pamaso pawo. Anaumirira kuti alione. Ndinakalisindikiza ku Site Senta, ndipo mayina okha anadzaza masamba angapo, timalemba ting'onoting'ono ngati nyerere. Maso a amayi anali atafooka kale.

"Ndilozere dzina lako, mwanangu," anatero, lilime likulemera.

Asisi anakhala m'mphepete mwa bedi. Anayang'ana tsambalo nthawi yaitali. Kenako anagwira dzanja lamanzere la amayi, lamoyolo, n'kuika chala chawo pakati pa mzere wina.

"Ndi ili, amayi."

Amayi anasisita pamalopo pang'onopang'ono, misozi ikutsikira m'khutu. "Dzina la malemu abambo ako lafika kutali," anatero.

Ndinawerama kuti ndione. Linali dzina la munthu wina, la chilankhulo choti sindingathe n'kutchula komwe. Asisi anandiyang'ana n'kupukusa mutu pang'ono. Amayi anapempha kuti tsambalo tilimate pakhoma loyang'anizana ndi bedi lawo, ndipo asisi anadzuka kukafunafuna selotepi.