Chulu cha Apongozi

Kuyambira ku mtsinje wa Katete mpaka kumalire a Apwitikizi kunalibe munthu wondiposa ponenerera mtengo. Mmwenye amene ndinkagulako mchere ku Fort Jameson ankati akandiona pakhomo, ankayamba watsitsa yekha kuti lisamuthere tsiku.

Nkhondo ya Jeremani itatha, ndinafuna nyumba ya njerwa ngati ya aphunzitsi. Ndinaitana mmisiri wina wophunzira ku mishoni, bambo wofatsa, wolankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Njerwa anaumba ndi kuotcha bwino. Pofika pa matope omangira anati, "Bambo, dothi la pabwalo pano ndi mchenga. Tikumbe chulu icho, tiponde, agone masiku atatu."

Chulucho chinali kuseri kwa nkhokwe ya apongozi anga. Ine m'mudzimo ndinali mkamwini. Tikakumana panjira ndinkapatukira m'thengo, iwo n'kuyang'ana kumbali. Munthu wotere munenerera naye bwanji? Ndinaganizanso kuti ndikatuma wina, mawa lake andipatsa munda wonse kuti ndilime. Choncho luso langa lonse ndinalitembenuzira kwa amisiri.

"Dothi ndi dothi, amisiri. Kapena manja ndiwo ayamba kukalamba? Ndamva kuti ku Sinda kuli mnyamata womanga ndi chilichonse."

Anafikisa dothilo m'zala. "Ndimanga," anatero.

Mvula ya Januwale inagwa masiku anayi. Tili kumunda, khoma la kum'mawa linakhala pansi lonse, n'kuphwanya mtsuko ndi mphasa ya mkazi wanga. Njerwa zinali zamphumphu, koma pakati pake munkangotuluka mchenga.

Ndinakawasumira amisiri kubwalo la amfumu, ndipo ndinaopseza kuti zikavuta ndipita ku boma. Ndili m'njira ndinamva kuti a ku mishoni anali atawalonjeza amisiriwo ntchito yomanga sukulu, ndipo tsopano ankadikira kumva mlanduwu. Ndinamva, koma mwendo sunabwerere.

Pabwalo ndinalankhula ngati ndikugulitsa mchere wonyowa. Nditatha, amfumu anafunsa amisiri ngati ali ndi mawu. Ndinadikira kuti andiulule. Iwo anangoti, "Ndinadziwa kuti dothilo silingagwire, ndipo ndinamanga. Wodziwa ndinali ine."

"Nanga dothi labwino kulibe kuno?" anafunsa amfumu.

Mayi wina amene anakhala pafupi ndi apongozi anaseka, n'kunena mokweza zimene apongoziwo anamunong'oneza: "Akuti chulu chilipo, koma palibe anawapempha. Akuti chiswe chake chawathera nkhokwe ziwiri, ndipo wochikumba akanamuphikira nkhuku."

Bwalo lonse linaseka. Apongozi ankayang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka.

"Amisiri, simunanene za chuluchi kwa mwini nyumba?" anafunsanso amfumu.

Amisiri anayang'ana pansi. Ndinaona thukuta pakhosi pawo, ndipo ndinakumbukira sukulu ija. Pakamwa panga, pamene sipanataye kanthu chibadwire, panatseguka pokha: "Ananena. Ndinakana ndine."

Chigamulo chinali chakuti amisiri amangenso khomalo popanda malipiro, popeza anavomera ntchito yoipa akudziwa. Dothi likumbidwe, lisenzedwe ndi kupondedwa ndi mwini nyumba, popeza ndiye anali ndi nzeru zambiri.

Ndinasenza chulu chija pamutu milungu iwiri, ndikudutsa pakhomo pa apongozi chogwada. Amisiri ankatenga matope anga, kuwafinya m'manja, n'kunena mofatsa, "Pondaninso, bambo. Dothi si dothi." Sukulu anamanga chaka chomwecho, ndipo ana anga anaphunzira momwemo. Nkhuku ija apongozi anaphikadi, koma inapita kwa amisiri.

Khomalo lilipo mpaka lero, ndipo pabwalo ananena poyera kuti mlandu unakomera ine. Inu mukuti anapambana ndani?